Chiperoni cha pa tebulo

Phukusi lija linabwerera Lachisanu madzulo, m'jumbo momwemo momwe ndinalikulungira, selotepi yokha ndi imene inali yachilendo. Kondakitala anandiponyera pa windo pa siteji ya pa Chitakale minibasi isanaimitsitse n'komwe. "Akuti mumvere voisi," anatero, uku akumenya chitseko kuti adalaivala azipita.

Voisiyo, ya mayi amene anaoda ndolo zimene zinali m'phukusimo, ndinali nditaimvera kale katatu dzulo lake.

"Sisi, ine sindikunena kuti ndinu akuba ayi. Koma zimene ndinaona pa status si izi. Ine ndinaoda zofiira, zofiira ngati tomato, zoti zigwirizane ndi nsalu yathu. Izi ndi za chidede. Chinkhoswe ndi Loweruka lomweli, ndiye azimayi 12 ndikawauze chiyani?"

Mapeya 12 a ndolo za mikanda, otunga mausiku asanu mpaka maso kuwawa. Ndalama ndinabweza pa Airtel Money usiku womwewo, ndipo ya minibasi, kupita ku Limbe ndi kubwerako, inagwera ine. Munali mu June 2024, mikanda itakwera kale mtengo kuchokera pamene Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, moti kutaya oda ngati imeneyo sizinali zoseka.

## Ndinkati mayiwo ndi ovuta

Ndinafika kunyumba nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinamasula jumbo n'kuyala ndolo zonse pa bedi, pansi pa babu la kudenga lomwe ndinajambulira tsiku loyamba lija. Zinali zofiira. Ndinayang'ana chithunzi cha pa status ya WhatsApp, ndinayang'ana pa bedi, kusiyana kunalipo koma kwa ine kunali kochepa, koti munthu wofuna mtendere sangatumizire voisi ya mphindi ziwiri.

Chimene sichinandibwerere m'mutu n'chakuti ndolo zimenezi ndinali ndisanazionepo masana. Mikandayo ndinaigula ku Limbe chakumadzulo, m'sitolo ya mdima yoti wogulitsa amachita kukuunikira ndi foni. Masana ndimakhala ku ntchito pa Boma, ndipo mu June dzuwa silichedwa kulowa, pofika kunyumba kumakhala kutada. Kutunga usiku, kujambula usiku, kumanga phukusi usiku. Ndiye chithunzi chija ndinachidutsitsanso mu filita ija imene imachititsa chilichonse kuoneka ngati changotsukidwa kumene. Tonse ogulitsa pa status timaidziwa, tisanamizane.

## Anganga ndi lichero

Loweruka, tsiku lenileni la chinkhoswe cha eni ake, kunacha ndi chiperoni. A ku Mulanje ndi ku Thyolo sindikufunika kukufotokozerani. Phiri lonse, ndi mamita ake 3,002 a pa Sapitwa, linali litasowa ngati alinyamula usiku, minda ya tiyi ikuthera mu nkhungu, kukugwa kamvula kowazawaza kaja koti umakanyozera osatenga ambulera koma pofika pa msika wanyowa.

Anganga anali pa mbaula akuotha. Ndi mayi awo a amayi anga, ndipo mikanda anayamba kutunga ine ndisanaganiziridwe n'komwe, ya m'khosi, ya m'manja, ndi ina ija ya m'chiuno imene sitiikamba pagulu. Ndinawadandaulira nkhani yonse, ndikudikira kuti anene kuti anthu a m'tauni ndi amwano. Anangoti, "Tabwera nazo kuno. Utengenso lichero."

Anadzuka pang'onopang'ono atafunda chitenje, n'kulunjika pa khonde pozizira paja. Ndinati angokhala ndiyatse getsi. Sanacheuke n'komwe.

"Mkanda sasankhira m'nyumba, mwanawe. M'nyumba mkanda uliwonse ndi m'bale wa unzake."

Anayala peya imodzi pa lichero. Kenako anandituma kachitini kawo ka mikanda yotsalatsala, kachitini ka mkaka wa ufa kamene kali ndi zaka zambiri kuposa ine. Anavundula ndi chala, n'kutolamo timikanda titatu tofiira, n'kutiika pambali pa ndolo zanga. Sanayankhule kanthu. Tawo tija tinali tomato wakupsa wa pa Bvumbwe. Zanga zinali madzi a chidede, kufiira koderako, kolowera ku mtundu wa nyemba. Ngakhale mwana wa sitandade 1 akanasiyanitsa.

"Tione chimene unawaonetsa anthuwo."

Ndinawapatsa foni. Anaigwira patali ndi maso monga amachitira, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Izi ndiye zokongola. Ndi za ndani?"

"Ndi zomwezi, anganga."

"Ayi. Izi nanenso ndikanagula. Koma ukanandibweretsera za pa licherozi ndikanakubwezera, ngakhale uli mdzukulu wanga."

Manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero. Pofuna kudziombola ndinati vuto ndi foni, kamera yake ndi yotchipa. Ndinailandira n'kujambula pomwepo, ndolo zili pa lichero, kuti ndiwaonetse kuti foniyi imanama paliponse. Chithunzi chinatuluka chidede. Chidede chenicheni, chimodzimodzi ndi chimene maso anga ankaona. Mkanda uliwonse unkaoneka pawokha, ulusi ukuoneka, ndipo pa ndolo imodzi panali mkanda wong'aluka umene mausiku asanu onse aja sindinauone. Panalibe mthunzi wakuda pansi pake, panalibe kunyezimira kobaya m'maso. Foni yomweyo, ya galasi losweka pakona.

Anganga anabwerera ku mbaula kwawo. Ine ndinatsala pa khonde ndikujambula katundu yense amene ndinali naye m'nyumba, mpaka zala kuuma ndi kuzizira.

## Mtambo ndi nyale

Mlongo wanga amakonza mafoni pa msika wa Limbuli, ndipo ndi munthu woti funso limodzi amaliyankha mpaka nsima kuzizira. Ndinamutumizira zithunzi ziwirizo, cha pa bedi ndi cha pa lichero. Anabwera Lamulungu ndi kakatoni ka babu m'thumba, n'kundilozera nambala yothera ndi K imene ndinali ndisanaiwerengepo chibadwire.

Kuwala kuli ndi mtundu wake, ndipo amaupima ndi nambala imeneyo. Kandulo ili cha m'ma 1,900K, n'chifukwa chake zonse zimachita chikasu pa kandulo. Babu langa la kuchipinda linali la 2,700K, lija amalemba kuti warm white. Kuwala kwa masana kuli pakati pa 5,000K ndi 6,500K, ndipo kukachita mitambo kumakwera chakumtunda kwa nambala zimenezi. Maso athu sachedwa kuzolowera, pepala loyera timalionabe loyera ngakhale pa kandulo. Foni nayo imayesa kukonza koma imangolosera, ndipo ikapeza nsalu ya pa bedi ya maluwa, khoma la buluu ndi babu lachikasu, mutu umaizungulira. Kuwala kwachikasu kukagwera pa chinthu chofiira moderako kumachidzutsa, filita ija n'kudzamalizitsa ntchito.

Chachiwiri chimene ananena ndi chimene chinandikhala m'mutu. Dzuwa ndi lalikulu inde, koma kwa ndolo imene ili pa tebulo ndi kadontho kamodzi kumwamba. Kuwala kwake kumachokera malo amodzi, mthunzi umakhala wakuthwa, mkanda uliwonse n'kukhala ndi kadiso koyera. Babu la kudenga n'chimodzimodzi, fulashi ya foni ndiye yoipitsitsa. Tsiku la chiperoni mtambo wonse, kuyambira ku Muloza mpaka ku Luchenza, umasanduka nyale imodzi, ndipo kuwala kumafika mbali zonse mofatsa. Chounikira chikakula poyerekeza ndi chinthu chimene ukujambula, mthunzi umafewa. Timabokosi tonse tojambulira timene mumationa pa intaneti, ndi maambulera oyera aja a m'ma studio, ntchito yake ndi imeneyo basi, kupanga kamtambo.

Nanga chiperoni ungachiode? Chimabwera chikafuna, m'miyezi yozizira, ndi mphepo yochokera ku Mozambique komwe kuli phiri la Chiperone limene chinatengera dzina. Oda zanga zambiri zimabwera mu September ndi October, anthu akukonzekera za ku Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo kuyambira m'mawa. Komanso ine ndine munthu wa usiku. Ndinafunika chiperoni changachanga.

## Katoni ya sopo

Tinachipanga Lamulungu lomwelo ndi katoni ya sopo yopempha pa golosale. Tinaigoneka chammbali, kukamwa kwake kuloza kwa wojambula, n'kudula mawindo atatu, kumanzere, kumanja ndi pamwamba, kusiya m'mphepete mwa zala zitatu kuti katoniyo isafooke. Mawindowo tinaphimba ndi nsalu ya malaya oyera akale a sukulu, yopyapyala yoti ukailozetsa ku dzuwa dzanja limaonekera kuseri. M'kati tinaika pepala la manila loyera, kulimata kumtunda kwa khoma lakumbuyo n'kulisiya litsetsereke mpaka kutsogolo osalipinda. Apa musachite ulesi. Mzere uja wa pakona, pamene khoma lakumana ndi pansi, ndi umene umaulula kuti katundu wanu ali m'katoni ya sopo.

Mababu amakhala kunja, kuseri kwa nsalu, lina uku lina uku, pa maholda okhomera pa timatabwa. Anga ndi a LED a 9W, a 6,500K. Satentha ngati mababu akale aja, komabe sindilola kuti akhudze nsalu, ndipo ndikamatuluka m'chipinda ndimathimitsa. Katoni ndi katoni.

Sabata yoyamba inali ya zolakwa zokhazokha. Poti ndinali nditagula babu limodzi, lachiwiri ndinazula la kukhitchini, ndipo ndolo zinatuluka mbali ina yabuluu mbali ina yachikasu ngati yunifolomu ya timu ya mpira. Mababu awiriwo ayenera kukhala amapasa, mtundu umodzi, nambala imodzi. Nditakonza zimenezo ndinaiwala kuthimitsa la kudenga lija, mdani wanga wakale, n'kumadabwa kuti pepala loyera ladetsedwa ndi chiyani.

Kenako kunabwera mbidzi. Zithunzi zinkatuluka ndi mizere yakuda yopingasa, ndipo ndinamuimbira mlongo wanga kuti foni yafa. Anaseka kaye. Magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye babu lotchipa limawala n'kuzilala ka 100 pa sekondi imodzi. Diso silingaone, koma kamera ya foni imawerenga chithunzi mzere ndi mzere, ndiye mizere ina imapeza babu likuwala, ina imalipeza litazilala. Anandionetsa polembedwa Pro mu kamera ya foni, pamene munthu amadzisinthira yekha kajambulidwe, kuti ndikaika liwiro la shata, nthawi imene kamera imatenga polandira kuwala, pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi mizereyo imatha. Chachidule ndi kungosintha babu. Tsopano ndikamagula ndimapempha wa m'sitolo aliyatse, ine n'kulilozetsa kamera chapafupi, likachita mbidzi ndimalisiya. Anyamata a m'sitolo ya zamagetsi amandiyesa wozungulira mutu pang'ono.

Pa kakatoni ka babu palinso kanambala kena kolembedwa CRI kapena Ra, kothera pa 100. Kamanena mmene babulo limaonetsera mitundu ya zinthu mokhulupirika poyerekeza ndi kuwala kwachilengedwe. Amene ine ndimawapeza kawirikawiri amalemba 80, ena salemba n'komwe. Loposa 90 mukalipeza musalisiye, makamaka ngati katundu wanu ndi wofiira, chifukwa mtundu umene mababu otchipa a LED amaunyozetsa kwambiri ndi womwewo, umatuluka wofwifwa ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Kwa ine wotunga mikanda ya ku Chonde, kufiira ndiye mtima wa bizinesi.

Koma chimene chinandipatsa zithunzi zoti munthu aime nazo pa status ndi mtunda wa babu. Onse awiri akatalikira mofanana mthunzi umatheratu, ndipo mkanda wopanda mthunzi umaoneka wophwatalala ngati wojambula ndi cholembera. Ndinasuntha la kumanja kuchoka pa masentimita 30 kufika pa 60. Ndinkayesa kuti kuwala kwake kutsika ndi theka, koma ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kamthunzi kofewa kanabwerera mbali imodzi, mikanda n'kukhalanso yobulungira, yoti dzanja lifune kuitola. Masiku ena la kumanjalo sindiliyatsa n'komwe, ndimangoimika pepala loyera m'kati mbali imeneyo kuti libweze kuwala kwa linzake.

Pepala loyera foni imakonda kulisandutsa lotuwa, chifukwa ikaona kuyera kwambiri imaganiza kuti kwawalitsa n'kuchepetsa. Gwirani pa sikirini pamene pali katundu wanu, kadzuwa kakatuluka mukakweze pang'ono. Ndipo chonde pukutani diso la kamera. Ngati mwangodya kumene mandasi, nkhungu imene mukuiona pa chithunziyo si chiperoni, ndi mafuta.

## Kabokosi kogula

Mu September ndinagula kabokosi kenikeni ku Limbe, kapulasitiki kopinda ngati envelopu, kokhala ndi timizere tiwiri ta timababu ta LED kudenga kwake ndi chingwe cha USB. Kanadya ndalama ya mapeya angapo. Ndinkaganiza kuti katoni ya sopo yapuma pa ntchito.

Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu, kamayaka ndi power bank. Magetsi akathima, ndipo mukudziwa mmene amathimira, ntchito siima, komanso mbidzi zija sindinazionepo m'kabokosi kanga poti moto wa batire sugwedera. Kamalowanso m'chikwama. Ndinapita nako ku Chonde n'kumajambulira azimayi anzanga katundu wawo.

Koma timababu take tili pamtetete popanda chophimba, ndipo mkanda wagalasi ndi kalilole. Uliwonse unkatuluka ndi mzere wa timadontho toyera ngati wadwala chikuku. Ndinachita kumata kansalu ka malaya omwe aja pansi pa timababuto, kutanthauza kuti kabokosi kogula ndi ndalama ndinakasandutsa katoni ya sopo. Kuwala kwake kumachokeranso pamwamba pokha, sungakusunthe. Bambo wina wosema wa ku Likhubula, amene amagulitsa tinjovu ndi timabokosi tamatabwa kwa okwera phiri, anabwera kuti ndimujambulire zoika pa Facebook. M'kabokosi kogula njovu yake inatuluka ngati mbatata. Tinaisamutsira m'katoni, babu limodzi lokha chammbali, motsika, ndipo makwinya onse a pa chitamba ndi mizere ya mtengo zinadzuka. Anasuzumira pa phewa langa n'kunena kuti, "Eya, achemwali, dzanja langa ndi limenelo."

Wondifunsa lero kuti agule kapena apange, ndimayamba ndamufunsa kuti kwawo magetsi amakhalitsa bwanji, ndipo amajambula nthawi yanji. Amene ali ndi khonde ndi mpata masana asawononge ndalama, tebulo pa mthunzi wa khonde ndi pepala loyera zikwana. Pansi pa mtengo wa mango pokha ayi, masamba amathira kubiriwira pa chilichonse.

## Foni ya kasitomala si yanga

Pali chimodzi chimene katoni singachithe. Chithunzi chikachoka kwa ine chimakagwera pa foni ya wina, ina yowala kwambiri, ina yoyatsa chotetezera maso chija chimene chimachititsa sikirini chikasu, ndipo WhatsApp nayo imachifinya kuti chisadye bandulo. Ndiye pansi pa chithunzi ndimalemba mtundu wake m'mawu, ndi zinthu zimene tonse timazidziwa. Ofiira a tomato, ofiira a chidede. Obiriwira a nsonga ya tiyi, timasamba tanthete tija amathyola, kapena obiriwira a tsamba lokhwima la pansi. Pa Chichewa mawu oti kubiriwira amasenza zambiri, mpaka thambo limalowa momwemo, ndiye pamenepo ndimafunsitsa. Pambali ndimaika bokosi la machesi kuti munthu aone kukula kwake.

Oda ikakhala ya chinkhoswe kapena ya ukwati sindiyamba kutunga mpaka kachidutswa ka nsalu yawo katabwera ndi kondakitala, ndikaike pa lichero, pa khonde, masana. Ena amanyinyirika kuti ndikuwachedwetsa. Ndimangoti chidede ndinamwa kale, iwo osamva chimene ndikutanthauza.

Filita ija ndinaisiya. Zithunzi zanga sizikuwa ngati za anzanga ena pa status, ndipo pali masiku amene ndimaona kuti anthu akuzidumpha, mtima n'kumandinong'oneza kuti ndingowonjezera pang'ono.

Mayi a chinkhoswe aja sanaodenso. Status amaionabe, dzina lawo limatuluka pa mndandanda wa oona pafupifupi tsiku lililonse, ndipo sindinalimbebe mtima kuwafunsa kuti Loweruka lija azimayi anavala chiyani. Mapeya 11 ndinagulitsa pang'onopang'ono ndi chithunzi cha pa lichero chija. Peya ya mkanda wong'aluka ndinaisunga, imalendewera pa pini m'kati mwa katoni, pakona ya kumanzere. Babu latsopano likabwera, choyamba kujambula ndi iyo. Ikatuluka chidede, babulo lalembedwa ntchito. Ikatuluka mtundu wina, limapita kuchipinda kwa anganga, ndipo m'dengu mwawo muli kale atatu akudikira.